Kumudzi, m'tauni kapena m'mabotolo: mphamvu za makolo athu tingazisungire kuti?

Banja lililonse la mu Blantyre muno lomwe lili ndi kholo lopitirira zaka 60 limafika pokhala pansi, kaya pakhonde kaya pa gulu la WhatsApp, n'kufunsana kuti titani nawo amayi. Achimwene amati abwere azikhala nafe ku Chilomoni. Achemwali amati asiyeni kumudzi ku Thyolo komwe anazolowera, tizingowatumizira kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Wa ku Johannesburg amatumiza chithunzi cha mabotolo amene akuti amatsuka magazi. Onsewa akulankhula mwachikondi, koma ndalama yake ndi yomweyo yolipirira lendi ndi fizi, siingakwane zonse. Ine mbali yanga ndiinena poyamba pomwe. Munthu wamkulu amakhalitsa ndi mphamvu akamayendabe ndi miyendo yake, akamadya zakwathu kuno zosachuluka mchere ndi shuga, akamayezetsa BP nthawi ndi nthawi, ndiponso akakhala ndi anthu omufuna ndi omuchezera. Njira iliyonse ndiiyeza ndi zimenezi.

Imene timaiona yaulemu kuposa zonse ndi yowatenga makolo kuti adzapume m'tauni. Ubwino wake ndi woonekeratu: chipatala chili pafupi, wowakumbutsa mankhwala alipo, akadwala usiku galimoto ipezeka. Koma taonani mmene kupumako kumakhalira. Amayi akangogwira tsache, mpongozi wathamanga kale: "Amayi siyani, khalani pansi, mtsikana asesa." Akati apite kumsika akadzigulire tomato, mdzukulu wawatsekereza: "Iyayi agogo, njinga zamoto zikugundani, nditumeni ine." Pakatha miyezi ingapo, munthu amene ankaunga mizere, kutunga madzi ndi kuyenda wapansi kukakhuza maliro mudzi wachitatu ali pa sofa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Geti lakhomedwa, akuluakulu ali kuntchito, ana ali kusukulu, wocheza naye ndi TV.

Thupi la munthu wamkulu silichedwa kuyankha. Minofu ya m'ntchafu ndi m'miyendo ikapanda kugwira ntchito imafota, ndipo kwa wazaka 70 imafota msanga kuposa kwa wazaka 30. Mumayamba kuona akudzuka pampando mochita kugwira tebulo, akuzengereza pa masitepe awiri a pakhonde, kubafa akufuna wowagwira dzanja. Timangoti ndi ukalamba, chonsecho gawo lalikulu labwera ndi kukhala komweko. Onjezani tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi buledi m'mawa, tiyi wina ndi mandasi madzulo, ndiye kuti shuga ndi BP mwazitsegulira khomo. Pali chinanso chimene sitichitchula kawirikawiri: munthu amene kwawo ankaweruza milandu ya pabanja ndi kulangiza anamwali, kuno palibe womufunsa kanthu. Amayamba kudya pang'ono, kugona masana, kukhala duu. Kukhumudwa kwa mtundu umenewu ndi matenda ndithu.

Sindikuti m'tauni n'moipa. Ndikuti mukawatenga, atengereni ndi ntchito yomwe. Kadimba ka mpiru ndi nkhwani kuseri kwa nyumba kakhale kawo, azithirira okha. Azisankha nyemba, azisinja nsinjiro, azikatenga mdzukulu kusukulu ya mkaka ngati ili pafupi. Ngati kumudzi anali a Mvano kapena a Dorika, kawalembetseni kumpingo wa m'dera lanu sabata yoyamba yomwe. Ngati ndi a Katolika, aperekezeni kumphakati. Ngati ndi achisilamu, Lachisanu lisawapite osafika kumzikiti. Abambo apezereni pamene anzawo amasewera bawo. Zikatero, tauni imapambana njira zina zonse, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda ofuna dokotala pafupipafupi.

Kuwasiya kumudzi kuli ndi mphamvu imene ife a m'tauni timaipeputsa. Kumeneko palibe wofunika kuuzidwa kuti achite masewera olimbitsa thupi: khasu, chitsime, chigayo ndi tchalitchi zimamuyendetsa zokha. Chakudya nachonso chimakhala chabwino kuposa mmene timaganizira, mgaiwa, nandolo, chisoso, kholowa, mbatata, mapeyala ndi nthochi zapakhomo. Dzuwa likamalowa pamakhala wodutsa n'kunena kuti "Mwaswera bwanji agogo?" ndipo kudutsa kumeneko kumasunga mutu wa munthu. Chimene chimasowa ndi muyeso. BP ikhoza kukwera zaka zambiri popanda chizindikiro, munthu akulima bwinobwino, n'kudzadziwika tsiku limene dzanja ndi mwendo zafa. Nyengo ya mvula misewu ina siyendeka, ndipo ndalama imene mwatumiza kuti akagule mankhwala nthawi zambiri imathera kwa adzukulu amene agogowo akulera. Sangaone mwana akugona ndi njala iwo n'kumagula mapiritsi.

Palinso choopsa chimene tiyenera kuchitchula osabisa mawu. Wokalamba akayamba kuiwalaiwala, kusochera njira yakwake, kulankhula yekha kapena kutuluka usiku, m'midzi yambiri, ngakhale m'tauni momwe, anthu amathamangira kunena kuti ndi mfiti. Awa ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, ndipo wodwalayo amafuna womuyang'anira usana ndi usiku. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, nkhani imene bungwe loona za okalamba la MANEPO lakhala likuimenyera nkhondo. Komabe gulu likadzuka ndi miyala usiku, pepala la lamulo lili kutali. Kholo limene layamba kusokonezeka mutu lisakhale lokha m'nyumba kumudzi. Apa ndiye sindiyerekezanso n'komwe: litengeni, kapena pakhale mbale wodalirika wogona nalo nyumba imodzi.

Mabanja ena amagawa chaka: nthawi yolima ndi yokolola agogo ali kwawo, miyezi yozizira kapena ikayandikira deti ya kuchipatala ali m'tauni. Kwa wokalamba amene akadali ndi mphamvu zake, iyi ndimaikonda. Chofunika n'chakuti buku la kuchipatala liziyenda nawo, ndi mankhwala okwanira masiku onse amene akakhale uko.

Za mabotolo sinditaya nthawi. Amagulitsidwa m'minibasi, pamsika wa Limbe, pa Facebook, ena amabwera ndi mnzathu wa kutchalitchi amene walowa bizinesi yolembetsa anthu. Botolo limodzi akuti likuchiza shuga, BP, nyamakazi, maso ndi mphamvu za abambo. Mankhwala ochiza zonse kulibe. BP ndi shuga sizichizika n'kutheratu, zimangosungidwa pamlingo wabwino, ndipo aliyense wouza agogo kuti asiye mapiritsi a kuchipatala chifukwa cha botolo lake akuwaika pangozi ya sitiroko. Zina mwa zosakaniza zake sizidziwika, ndipo impso za munthu wamkulu sizipirira zambiri. Ku Malawi kuno mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Chimene chikugulitsidwa m'chikwama pa depoti musachiyese kuti chinadutsa kumeneko. Kupemphera nakonso n'kwabwino ndipo kumalimbitsa mtima, koma apemphere akumwa mankhwala awo.

Mapiritsi opha ululu a m'maokala nawo afunika diso. Mawondo akamaphwanya, ambiri amamwa bufeni, indosidi kapena diclofenac tsiku lililonse kwa miyezi. Amenewa amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuononga impso ndi kukweza BP. Panado womwa motsatira muyeso ndi wofatsirapo, koma ululu wosatha ukaonedwe kuchipatala.

Ndalama imene ikanapita kubotolo ipite koyezetsa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse azaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Zaka zikamakwera, vutoli limachulukanso. Mlingo umene madokotala amayambira kuda nkhawa ndi 140/90, ukapezeka kangapo pa masiku osiyana. Funso ndi lakuti akayezetse kuti.

Zipatala za boma ndi zaulere, ndipo Blantyre ili ndi zing'onozing'ono m'madera: Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, South Lunzu ku Machinjiri. Boma la Blantyre lino lilibe chipatala chakechake cha distirikiti ngati mmene zilili ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, n'chifukwa chake vuto likakula amakulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth. Mankhwala odziwika a BP monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril, ndi a shuga monga metformin ndi glibenclamide, amaperekedwa kumeneko. Mtengo wake mumalipira ndi nthawi. Aliyense amene anaperekezako kholo akudziwa: kudzuka kusanache, buku la kuchipatala litakulungidwa m'pepala la pulasitiki kuopa mvula, agogo atakhala pabenchi chitenje chili pamapewa, wowaperekeza ataima pamzere m'malo mwawo. Masiku ena mumafika pawindo n'kuuzidwa kuti mtundu wina wa mankhwala watha, mukagule ku famase. Pamenepo ndi pamene ambiri amagwera. Amabwerera kunyumba opanda kanthu, mwezi n'kutha osamwa.

Zipatala za mishoni za CHAM zili pakatikati. Mumalipira, koma pang'ono poyerekeza ndi zapulaiveti. Kwa a ku Lunzu, Chileka ndi Lirangwe pali Mlambe. Kholo likakhala kumudzi pali Nguludi ku Chiradzulu, Malamulo ku Makwasa ndi Mulanje Mission. Zapulaiveti monga Mwaiwathu ndi Blantyre Adventist zimathandiza msanga, ndipo kuyeza impso, mtima kapena magazi kumatheka tsiku lomwelo, koma matenda a BP ndi shuga ndi a moyo wonse. Banja limene layamba kumeneko ndi ndalama ya bonasi nthawi zambiri limalekera panjira miyezi ikadutsa. Amene muli pa MASM kapena inshuwalansi ina ya kuntchito, funsani ngati kholo lingalembedwe nawo.

Kuona kwanga, njira yokhalitsa ndi yosakaniza. Kiliniki ya mwezi ndi mwezi ikhale ya boma kapena ya mishoni yomwe ili pafupi ndi kunyumba. Pambali pakhale kathumba kogulira mankhwala akasowa, ndipo abale azisonkha mwezi uliwonse, paja mutu umodzi susenza denga. Kamodzi pachaka, ngati zingatheke, alipiridwe kuyeza impso ndi shuga mokwanira. Ndipo ngati wa kunja uja akufunadi kutumiza chinthu, atumize makina oyezera BP omanga pamkono, oyendera mabatire. Amapezekanso m'mafamase a mu Limbe ndi mu Blantyre. Poyeza, agogo akhale kaye pansi mphindi 5, msana utatsamira, mkono uli patebulo, osalankhula. Manambala alembedwe m'kope pamodzi ndi deti, kopelo lipite nawo kukiliniki. Makinawo si olamulira kuti lero amwe kapena asamwe. BP ikaoneka bwino ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, apitirize. Amene ali pa ma ARV, ndipo okalamba otero alipo ambiri masiku ano, apemphe kuti aziwayezanso BP ndi shuga akapita kukatenga mankhwala awo.

Pa chakudya anthu amayerekeza zinthu ziwiri: zogula m'mashopu akuluakulu zolembedwa kuti n'zopatsa thanzi, ndi zamumsika. Ine ndili kumsika. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, onse ali pamsika wa Ndirande kapena wa Limbe, masamba a ku Bvumbwe, usipa ndi bonya, nandolo, mtedza, papaya, magwafa. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga sanachotsedwe. Umakhalitsa m'mimba ndipo umathandiza kupewa kudzimbidwa kumene kumavuta okalamba. Koma wodwala shuga asaganize kuti mgaiwa ndi chilolezo chodya mitanda inayi. Mtanda uchepe, ndiwo zichuluke. Zakumwa za m'mabotolo, sobo ndi thobwa lothira shuga wambiri zikhale za apo ndi apo.

Mchere ndiye nkhondo yeniyeni ya m'khitchini. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, komwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza umene uli kale m'zakudya. Tsono taonani mphika wa ndiwo m'nyumba zathu: mchere wadzanja, kenaka kachibulu kokometsera komwe nakonso ndi mchere, nsomba youma yomwe inathiridwa kale mchere, therere la soda, ndipo patebulo pali kambale ka mchere wowaza. Soda nayenso akhoza kukweza BP. Kuwaphikira agogo mphika wawowawo wopanda mchere kawirikawiri sikukhalitsa. Amaona ngati akusalidwa, amakatapa mchere mobisa. Chimene chimayenda ndi kuchepetsa pang'onopang'ono mumphika wa banja lonse, kuchotsa kambale kapatebulo, n'kukometsa ndi tomato, anyezi, adyo, mandimu ndi nsinjiro. Pakatha masabata angapo lilime limazolowera.

Yang'ananinso mmene akudyera, osati chimene mwawapatsa chokha. Wopanda mano amasunsa nsima mumsuzi, nyama ndi nsomba n'kusiyira adzukulu, ndipo inu mumaona mbale yabwera yoyera. Minofu imafuna zomanga thupi. Sinjani bonya muthire m'masamba, phikani chipere, mazira, phala la mgaiwa la nsinjiro kapena la soya. Ludzu nalo limachepa munthu akamakula, choncho mu Okutobala madzi aziikidwa pafupi, asamadikire kuti apemphe. Amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin asamadumphe chakudya, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri munthu n'kukomoka. Asanayambe kusala, kaya ndi Ramadan, Lenti kapena mapemphero a kuphiri, akambirane kaye ndi dokotala.

Nanga kulimbitsa thupi? WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mpweya pang'ono, mwachitsanzo mphindi 30 masiku asanu, kuphatikiza zolimbitsa minofu masiku awiri. Opitirira zaka 65 awonjezere zophunzitsa thupi kuima nji masiku atatu, kuti asamagwe. Jimu ndi yabwino kwa wopuma pantchito wa ku Namiwawa kapena ku Sunnyside amene ali ndi galimoto ndi penshoni yokwanira. Kwa ambiri a ife, kuyenda wapansi ndiko kotheka, ndipo kumakwana.

Koma Blantyre ndi wamapiri. Ku Ndirande, Chilobwe, Soche ndi Bangwe njira zambiri ndi zotsetsereka, za miyala, zokumbika ndi madzi a mvula. Kukwera kumalimbitsa mtima, kutsika ndiko kumapweteka mawondo ndi kugwetsa anthu. Misewu ikuluikulu nayo ili ndi minibasi ndi njinga zamoto zosapatsa mpata. Ndibwino kupeza malo athyathyathya: bwalo la mpira la pasukulu ana akaweruka, bwalo la tchalitchi, kapena Njamba kwa amene ali pafupi. Aziyenda awiri kapena atatu, chifukwa woyenda yekha amasiya msanga. Mu Juni ndi Julaye kukagwa chiperoni adikire dzuwa liwale. Nyengo yotentha apite m'mamawa. Nsapato ikhale yogwira chidendene, osati patapata. Ndodo si chamanyazi. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika koopsa, aime, ndipo nkhaniyo ikafike kwa dokotala.

Masiku amvula zonse zingachitikire m'nyumba. Akhale pampando wolimba, adzuke, akhalenso, ka 10, osagwira kanthu ngati angathe. Agwire khoma aime ndi mwendo umodzi, kenaka winawo. Anyamule botolo la madzi la malita 2 m'mwamba ndi pansi. Zimaoneka zazing'ono, koma ndizo zimachititsa kuti munthu azidzipitira yekha kuchimbudzi ali ndi zaka 80. Kuvina kwaya ndi kulima kadimba kumawerengedwanso.

Kugwa ndikuopa kuposa matenda ambiri, chifukwa wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri sabwereranso mwakale. Malo ake ndi odziwika: bafa la simenti lomera ndere, chimbudzi chakunja usiku magetsi atazima, kapeti yopindika pakhomo. Kupala ndere, kukhoma chogwirira pakhoma la bafa, kuika kampando kosambirapo, tochi pamutu pa bedi ndi chidebe cha usiku, zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Maso nawo ayezedwe. Ambiri amene timati achita khungu chifukwa cha ukalamba ali ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosatenga nthawi. Ku Queen Elizabeth kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First. Wodwala shuga aziyezetsa maso chaka ndi chaka ngakhale akuona bwino, ndipo mapazi ake aziyang'anidwa madzulo aliwonse ngati pali kachilonda.

Kaya mwasankha tauni kaya mudzi, aliyense wogona nyumba imodzi ndi agogo, mpaka wantchito ndi mdzukulu wa Sitandade 6, adziwe zizindikiro za sitiroko: kukamwa kupotokera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kusamveka bwino. Zikaoneka, musawamwetse madzi, phala kapena mapiritsi, chifukwa akhoza kutsamwa. Musadikire kuti kuche kapena kuti achimwene ayankhe foni. Nambala ya woyendetsa galimoto wodalirika wa m'dera lanu ilembedwe pachikuto cha buku la kuchipatala, ndalama ya mafuta ikhale m'kati mwake, ndipo pothamangira kuchipatala mutenge mapaketi onse a mankhwala amene akumwa kuti dokotala awaone. Akatuluka m'chipatala funsani za mafizo, masewera a kuchipatala olimbitsa ziwalo zimene zafooka. Ku Queen Elizabeth alipo, ndipo pafupi pomwepo pali Kachere Rehabilitation Centre. Kuyamba msanga mafizo kumathandiza kuti dzanja ndi mwendo zibwezeko mphamvu.